Kwa asuweni, pa za jazz ndi bokosi la amalume

Asuweni, uthenga wanu ndauona m'mawa ndili m'minibasi, koma poti zala zanga ndi foni sizigwirizana, ndaona kuti ndingolankhula. Mwafunsa pagulu pano ngati nyimbo za jazz ndi rock yakale zikadali ndi anthu ozikonda, ndiponso kuti ine ndimaonera chiyani pa wailesi ya kanema. Funsolo ndi labwino, koma landidabwitsa kuti lachokera kwa inu, munthu amene pa ukwati wa achemwali munakaletsa nyimbo iliyonse yoposa msinkhu wa mwana wanu woyamba. Komabe, msuweni sakanizidwa kanthu, choncho ndiyankha.

Ndiyambe ndi jazz. Kwathu kuno mawu amenewa anali ndi tanthauzo lakelake, chifukwa ife tikamva kuti kwabwera jazz band tinkayembekeza anyamata a banjo, gitala ndi ng'oma, osati akuluakulu a masuti oimba malipenga ku New York. Daniel ndi Donald Kachamba a m'mudzi wa Singano ku Chileka ankaimba kwela, ndipo kwa ife imeneyo ndiyo inali jazz. Inayo, ya ku America, inafika m'banja mwathu ndi munthu mmodzi yekha, ndipo nonse mukumudziwa.

Amalume, amene inu mumawatcha bambo aang'ono, anabwera kuchokera ku Joni mu 1974… ayi, ndalakwitsa. Mu 1974 ndi pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, a Kamuzu n'kuletsa zotumiza anthu kumigodi. Amalume anafika chaka chotsatira, mu 1975, chifukwa ndikukumbukira kuti ndinali nditayamba sukulu. Anzawo anabwera ndi njinga, mabulangete ndi makina osokera, koma iwo anatsika basi ndi gumbagumba ndi bokosi la mbale za nyimbo, ndipo zimene agogo ananena tsiku limenelo sindingazibwereze pagulu la ana. Tsitsi lawo lija, limene muli nalo pa chithunzi cha pabalaza, silinafike kumudzi, pakuti masiku amenewo lamulo linkaletsa amuna kusunga tsitsi lalitali, ndipo anawameta m'njira ndi lumo losathwa. Mpaka kumwalira kwawo ankaidandaula nkhaniyi kuposa ya munda wa kudambo ija.

Tsono pa Khirisimasi ya chaka chimenecho anatulutsa gumbagumba pansi pa mtengo wa mango. Mabatire anali atawayanika padzuwa kuyambira m'mawa, ati kuti apeze mphamvu, ndipo pamwamba pa mkono wa singano anamatapo kandalama kuti isamadumphe. Mudzi wonse unasonkhana, amayi atamanga zitenje m'chiuno kukonzekera kuvina. Amalume anapukuta mbale ndi mpango wawo wa m'thumba, n'kuika Miles Davis, woimba lipenga wa ku America, chimbale cha 1959 chotchedwa Kind of Blue. Inu amene simunachimvepo, dziwani kuti chimayamba pang'onopang'ono ngati munthu amene akugogoda pakhomo la apongozi. Anthu anadikira kuti nyimbo iyambe, osadziwa kuti inayamba kale. Patapita kanthawi, azakhali anafunsa mokweza ngati mabatire atha, ndipo mkulu wina anavula chipewa poganiza kuti ndi nyimbo ya maliro.

Dikirani, ndikuseka ndekha kuno… Amalume, poona kuti ulemu wawo ukutha, anasuntha kachitsulo ka liwiro kuchoka pa 33 kupita pa 45. Mbale zazikulu zimafuna kuzungulira pa 33, ndipo 45 ndi ya timbale tating'ono ta nyimbo imodzi mbali iliyonse, choncho lipenga lija linayamba kulira mothamanga ndi mawu oonda ngati mwanapiye. Pamenepo mpamene fumbi linabuka. Anthu anavina mpaka mabatire anatheratu, ndipo kwa zaka zambiri mudzi wathu unkadziwa kuti Miles Davis ndi katswiri wa kwela. Koma usiku, anthu atabalalika, ndinawapeza amalume pakhonde atabwezera pa 33, akumvetsera okha, khutu lili pafupi ndi sipika. Anandikhazika pambali pawo n'kundiuza kuti ndizitsatira chigitala chachikulu chapansicho, osati lipenga, ndipo kuyambira tsiku limenelo jazz ndimaimva motero. Maganizo anga ndi akuti ndi nyimbo yomvera munthu utakhala pansi, ndipo amene amati ndi phokoso lopanda mutu amakhala kuti akuifunsa zimene siinalonjeze.

Za rock sindichedwapo. Jimi Hendrix, woimba gitala wa ku America amene anamwalira mu 1970 ali ndi zaka 27 zokha, ndimamulemekeza, koma magulu ambiri a nthawi imeneyo amandichulukira mokuwa. Chimene chimandisangalatsa n'chakuti anzathu a ku Zambia anaitenga nyimboyi m'zaka za m'ma 1970 n'kuipatsa mtima wakwawo, monga anachitira a gulu la WITCH ndi Paul Ngozi, ndipo mbale zawo ziwiri zili m'bokosi lomwe lija, chifukwa amalume anasinthanitsa ndi jekete kwa mnzawo wa ku Chipata.

Kanema ndiye musandifunse zambiri, pakuti ine ndinakula wopanda. Dziko lathu linakhala ndi wailesi yakeyake ya kanema mu 1999, ine ndili kale ndi ana awiri, ndipo zisanatero tinkalipira pakhomo kuti tikaonere matepi m'kachipinda kotentha pamsika. Star Trek, sewero la pa kanema la zakuthambo, inayamba ku America mu 1966, koma ine ndinaionera ndili ndi imvi, ndipo ndinaikonda chifukwa anthu ake amathetsa milandu yambiri pokambirana, ngati pabwalo la amfumu, ngakhale ali pakati pa nyenyezi. Muli mayi wakuda wotchedwa Uhura, dzina lochokera ku mawu a Chiswahili otanthauza ufulu. Mafilimu atsopano a zakuthambo amandilemetsa mutu, chifukwa zinthu zimangophulika ndisanadziwe amene wayamba ndewu.

Koma asuweni, tiyeni tisazungulire. Inu simunafunse zonsezi chifukwa mwayamba kukonda lipenga. Achimwene anandiuza sabata yatha kuti mukukonza chipinda chakumbuyo, ndiponso kuti kunabwera mnyamata wa m'tauni amene anafunsa mtengo wa bokosi lija. Funso lanu lakuti kodi nyimbozi zikadali ndi ozikonda, ine ndalimva kuti kodi zikadali ndi ogula. Ogula alipo, ndipo mbale za ku Zambia zija ndizo akuzisaka kwambiri anthu akunja, n'chifukwa chake mnyamatayo anali ndi ulemu wochuluka chonchija. Koma yankho langa ndi lakuti bokosilo musagulitse.

Sindikunena kuti mulibe ufulu, poti lakhala m'nyumba mwanu zaka zonsezi ndipo ndinu amene mwalipulumutsa ku chiswe. Ndikungonena kuti pa zonse zimene amalume anabwera nazo kuchokera kumigodi, chimene chatsala ndi chimenecho, ndipo pa chikuto cha mbale iliyonse analembapo dzina lawo ndi tsiku limene anagula. Ngati vuto ndi malo, nditumizireni pa basi, ndilipira ndine, koma kugulitsa kokha ayi. Pakadali pano mbalezo muziimike chilili, musazisanjikize chogona, ndipo muzichotse pansi pa malata paja, chifukwa kutentha kumazipinda ndipo mbale ikapindika singano imangodumpha.

Ngati vuto ndi ndalama, tiyimbirane patokha, osati pagulu pano pamene azakhali akumvetsera ndi makutu onse awiri. Singano ndi lamba wa gumbagumba ndifufuza ine, ndipo pa Khirisimasi tikaiimbe pansi pa mango paja, pa 33 poyamba, kenako pa 45 chifukwa cha inu ovina. Mnyamata wa m'tauni uja akabweranso, mumuuze kuti mwini bokosi anakana, ndipo akafunsa kuti mwini wake ndani, mumupatse nambala yanga.