Imeneyo ndi torch, ndipo zabulaunizo zisagonemo

Achimwene, ndaona chithunzi mwaika pagulu pano cha coral (kanyama ka m'nyanja kooneka ngati chomera) ya m'thanki yanu ya madzi amchere kuno ku Harare, imene munagula ngati mtundu wa hammer ndipo tsopano yachita ntchofu yabulauni. Wokugulitsaniyo wakunamizani, imeneyo si hammer. Kulitsani chithunzi mwaikachi muone kumapeto kwa tizala take: kalikonse kathera pa kansonga kamodzi kobulungira, koyererako. Ndi torch imeneyo, Euphyllia glabrescens. Hammer nsonga zake zimakhala zopingasa, zopindika ngati chilembo cha C, pomwe frogspawn tizala take timachita nthambi, nsonga mbwee. Zonsezi ndi za gulu la LPS (ma coral a mitu ikuluikulu), mnofu wofewa wokhala pa chigoba cholimba chakuthwa, koma torch ndiye sachedwa kunyanyala.

Dzina lisakutayitseni nthawi. Ntchofu yabulauni yaphimba mutu wakumanzereyo, imene mukuti yabwera magetsi atathima usiku wonse, ndi matenda otchedwa brown jelly. Ena muno akuti yayera chifukwa cha kuwala, ayi. Coral yoyera ndi bleaching imakhalabe ndi mnofu, wangotuwa poti zooxanthellae (ndere zing'onozing'ono zokhala mu mnofu wake) zachoka, ndipo ikhoza kuchira. Yanuyi mnofu ukusungunuka. Madzulo mutu umangooneka wofota, tizala tosatuluka bwino. M'mawa mupeza ntchofu yayamba m'mphepete, masana timipeni ta chigoba tili mbee poyera, mukaitulutsa m'madzi fungo lake la nsomba yowola limadzaza nyumba. Pampu ikangoyaka imanyenya ntchofuyo n'kuimwaza thanki yonse, kadontho kakagwera pa mutu wina kapena pa Euphyllia ina, mawa lakenso imeneyo yayamba. Tsiku limodzi kapena awiri, coral ya mitu isanu yatsala miyala.

Ndiye lero lomwe: zimitsani mapampu onse kaye. Tengani kapayipi kakang'ono ka mpweya kaja mukoke ntchofu yonse igwere mu ndowa, musaipemerere ndi madzi. Tulutsani coral pogwira kutsinde. Poti ndi yanthambi, dulani mutu wodwalawo pansi pa pamene mnofu wathera, mutaye, musamve chisoni. Mitu yotsala iviikeni mu chidebe cha madzi a m'thanki momwemo othira ayodini wa ma coral, mlingo wa pa botolo, mphindi 10 zisapitirire. Tsukuluzani mu chidebe china, muibwezere patali ndi zinzake. Kenaka sinthani madzi 20% ndi kuika carbon (makala osefera madzi) watsopano.

Ogulitsa enawa ndiye amandinyansa. Coral yangofika kumene, yayenda mtunda wonsewo m'pulasitiki poti Zimbabwe ilibe nyanja yamchere, mnofu wachekeka ndi chigoba chake chomwe, iwo tsiku lomwelo aiponya pansi pa nyali za buluu zokhazokha kuti mabala asaoneke, dzina angotchula limene labwera m'mutu, madola alandira. Mukabwerera akuti madzi anu ndi oipa. Bala limenelo ndi pamene matendawa amalowera. Afunseni za pepala la CITES (pangano la mayiko pa malonda a zamoyo zotetezedwa), poti ma coral onse a chigoba ali pa mndandanda wake wa Appendix II, muone mmene asinthire nkhani. Pogula muziwauza ayatse nyali zoyera, ndipo mnofu uzikhala utatsikirako kutsinde.

Komabe magetsi othimathimawa athandizira kubweretsa matendawa. Akathima chimene chimatha msanga ndi okosijeni, si kuwala, nyali ikhoza kukhala yozima masiku awiri coral osafa. Harare ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, madzi kuno amasunga okosijeni wochepa kale kusiyana ndi kugombe. Pa inverter ikanipo wavemaker (pampu yoyendetsa madzi) yoloza pamwamba pa madzi, musungenso kapampu ka mpweya ka mabatire. Heater ya 200W imamaliza batire msanga, ndiye usiku wa June ndi July fundikani thanki bulangete, muyandamitsemo mabotolo a madzi otentha otseka bwino. Mu October ndi fani yopemerera pamwamba, kutentha kusapitirire 28°C.

Madzi a pa mjigo kapena a pampopi, iwalani. Gwiritsani ntchito madzi osefedwa ndi makina a RO/DI, TDS (muyeso wa zosungunuka m'madzi) iziwerenga 0. Mchere 1.025 mpaka 1.026 pa refractometer (kachipangizo koyezera mchere) yoyesedwa ndi madzi a 35 ppt (magawo 35 a mchere pa 1,000), kutentha 25°C mpaka 26°C, alkalinity (mphamvu ya madzi yoletsa asidi, muyeso wake ndi dKH) 8 mpaka 9 dKH, calcium mamiligalamu 400 mpaka 450 pa lita, magnesium cha m'ma 1,300. Nitrate isafike pa 0, isiyeni pa 5 mpaka 10, phosphate 0.03 mpaka 0.1, apo ayi torch ifa ndi njala madzi ali mbee. Alkalinity ikatsika, magalamu 3 a soda wophikira pa malita 100 amaikweza ndi 1 dKH. Musungunule kaye m'madzi a RO, ndipo musakweze kuposa pamenepo pa tsiku. Kukwera n'kutsika kumapha kuposa nambala yotsika pang'ono yokhazikika.

Ikhale pansi kapena pakatikati pa thanki, tizala tizingogwedera, osati kupindikira mbali imodzi. Isiyireni malo a masentimita 15 mbali zonse, imaotcha zinzake.

Ndipo chonde manja achoke m'thanki. Ambiri amapha Euphyllia ndi kuisunthasuntha ndi kuiviika m'mankhwala tsiku lililonse. Mukadula lero, masabata awiri osaikhudza. Pokhapokha mukaonanso kabulauni pa mutu wina, pamenepo dulaninso ngakhale pakati pa usiku.