Mayiko anayi, malamulo anayi: yankho kwa achimwene ofuna kuyamba geni ya kunja

Achimwene, mwafunsa zinthu ziwiri. Choyamba ndi momwe geni yokaoda katundu kunja imayendera. Chachiwiri mwachinena mozungulira koma ndamva: inu ndi mnzanu amene mukufuna kuyamba naye geniyo ndinu amuna awiri okondana, ndipo mukufuna kudziwa ngati msewu ungakulandireni. Ndiyankha zonse pamodzi, chifukwa mafunso awiriwa amakumana pa windo la munthu wa boma.

Yambani kuganiza za ndalama musanaganize za katundu. Madola ndi marandi kubanki amavuta, ndiye ambiri amathera kwa anyamata osintha ndalama pamsewu, komwe mtengo ndi wina ndipo akakupatsani zachinyengo mulibe kokadandaula. Mu May 2022 kwacha idagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 ndi 44 peresenti. Amene anali atakongoza katundu nthawi imeneyo adalandira ndalama zosakwana kukaodanso katundu yemweyo. Mpamba usagone nthawi yaitali mu kwacha, ndipo ngongole muzipereka mouma manja.

Pasipoti muziikonzetsa isanathe. Kumayambiriro kwa 2024 kusindikiza mapasipoti kudaima, boma lidati akuba a pakompyuta alowerera makina ake, anthu n'kukhala pansi mpamba uli m'thumba. Ku South Africa Mmalawi amapatsidwa masiku 30. Mukapyoza, potuluka amakudindani kuti musalowenso kwa chaka, ndipo mukapyoza kwambiri ndi zaka zisanu. Geni yathera pomwepo.

Za msonkho, chida chanu ndi risiti. Popanda risiti, mtengo wa katundu wanu amautchula ndi amene wakhala kuseri kwa kauntala. Pali ndondomeko ya COMESA ya amalonda ang'onoang'ono, timangoti STR, yomwe pa Mchinji imathandiza kwambiri: katundu wopangidwa m'mayiko a mgwirizanowu, amene ali pa mndandanda womwe Malawi ndi Zambia adagwirizana, amadutsa ndi fomu yachidule osalipira dyute, ngakhale misonkho ina ilipobe. Koma South Africa, Tanzania ndi Mozambique sali mu COMESA, ndipo nsapato za ku China zomwe mwaoda ku msika wa Kariakoo sizisanduka za ku Tanzania chifukwa chogona ku Dar es Salaam. Izo mulipira. Katundu akachuluka pezani ejenti. Katundu wotumiza pa matransipota mujambuleni asanakwere ndipo mulembe zimene zili m'chikwama chilichonse, mikangano yambiri ya pa depoti imachokera pamenepo.

China chimene palibe amakuuzani ndi chakuti malamulo amasintha katundu ali pamsewu. Mu March 2025 boma lidaletsa kulowetsa katundu wosiyanasiyana, mu April Tanzania idabwezera potseka zokolola za ku Malawi, mathiraki n'kuima pa Songwe. Akuluakulu adakambirana, chipata chidatseguka, koma amene katundu wake adaola palibe adamufunsa. Mukamva wamalonda akuti sakhulupirira boma si mwano ayi, ndi zimene waona.

Tsono za inuyo. Basi ya ku Joni imachoka pa Mwanza n'kulowa pa Zobue, kudutsa Tete, kutulukira pa Nyamapanda, kenako Harare mpaka Beitbridge. Mpando ndi womwewo, koma inu mumasintha dzina kanayi. Ku Malawi kugonana kwa amuna okhaokha ndi mlandu wa zaka mpaka 14. Mukangolowa Mozambique si mlandunso, adauchotsa mu 2015. Pa Nyamapanda wabwereranso, Zimbabwe imamanga, ndipo malamulo ake aakulu a 2013 amaletsa ukwati wotere. Mukawoloka Limpopo muli m'dziko lomwe lidaletsa tsankho lotere m'malamulo ake aakulu a 1996, ndipo kuyambira 2006 mungathe kukwatirana. Njira zina ndi zolimba kuposa apa. Tanzania zilango zake zimafika zaka 30 kapena moyo wonse, ndipo mu 2018 mkulu wa chigawo cha Dar es Salaam, Paul Makonda, adapempha anthu kuti azipereka mayina a anthu onga inu. Ku Zambia amuna awiri adapatsidwa zaka 15 mu 2019, adatuluka chifukwa cha chikhululukiro cha pulezidenti chaka chotsatira.

Mwina mudamva kuti kwathu boma lidaimitsa kumanga anthu pa nkhaniyi. Apa pokha ndimveni bwino. Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga adachita chinkhoswe ku Blantyre mu December 2009, adamangidwa, ndipo mu May 2010 adalamulidwa zaka 14. Patangopita masiku ochepa Bingu wa Mutharika adawakhululukira, Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa United Nations nthawi imeneyo, ali m'dziko muno. Mayiko akunja adaomba m'manja. Chaka chisanathe Nyumba ya Malamulo idawonjezera gawo latsopano, 137A, lomanga akazi okhaokha, omwe kale lamulo silinkawatchula. Mu November 2012 nduna ya zachilungamo Ralph Kasambara idati malamulowa ayamba aimitsidwa, mipingo itakalipa ndunayo idati sidanene choncho. Mu December 2015 nduna ina, Samuel Tembenu, idabwereza za kuimitsa, mu 2016 khoti la ku Mzuzu lidatsekereza zimenezo abusa ena atadandaula. Mu July 2023 atsogoleri a zipembedzo adayenda m'misewu, ndipo mu June 2024 khoti loona za malamulo aakulu lidakana kufafaniza malamulowa, lidati ndi ntchito ya aphungu. Phungu wake uti angadzutse nkhaniyi akufunanso mavoti?

Ndiye onani: mawu a nduna amabwera alendo opereka thandizo akakhala pafupi, amachoka Lamulungu likayandikira, koma buku la malamulo lili chikhalire. Lamulo lotere, losafafanizidwa komanso losagwiritsidwa ntchito tsiku lililonse, ife amalonda timalidziwa bwino. Lili ngati msonkho umene sudalembedwe pa bolodi: amautchula ndi amene wakugwirani, malinga ndi momwe akuonera nsapato zanu. Oopsa kwa inu si jaji kwenikweni, ochepa amafika kumeneko. Ndi munthu wa yunifomu pa rodibuloko usiku, ndi mnzanu wa geni amene muli naye ngongole, ndi mwini loji.

Ndidaonapo pa rodibuloko ina mnyamata wovala ndolo akutsitsidwa m'basi. Katundu wake anali bwino, mapepala onse analipo. Adamuuza kuti atsegule foni. Tonse tinkaona pa windo, ofesala akuseweretsa chala pa foniyo n'kumaonetsa mnzake, uku akuseka. Adapita naye kuseri kwa galimoto yawo. Atabwera adakhala pansi, adavula ndolo zija n'kuziika m'thumba, ndipo ndalama za katundu zinali zitachepa. Sadalembedwe mlandu uliwonse. Akanakadandaula kuti, poti kudandaulako kunali kudziulula?

Ine ndine mayi wopemphera, ndipo kutchalitchi kwathu nkhaniyi amaiona mwina. Koma sindinaonepo kuti lamuloli lalungamitsa munthu, ndangoona likudyetsa a ziphuphu. Amene amati izi zidabwera ndi azungu aziwonjezeranso kuti lamulo lomangalo lidabweranso ndi atsamunda a ku Britain. Botswana, yomwe idalandira lamulo lofanana, makhoti ake adalichotsa mu 2019 ndipo adatsimikiza mu 2021.

Musaganizenso kuti South Africa ndi kumwamba. Pepala lawo ndi labwino, koma m'makomboni anthu onga inu amaphedwabe, ndipo inu mudzakhala ndi mlandu wachiwiri wokhala mlendo. Ziwawa zothamangitsa obwera za 2008 ndi 2015 sizidafunse kuti munthu amagona ndi ndani.

Geni yambani, koma muyambe chonchi. Pamsewu ndinu anthu awiri a bizinesi, mapepala anu aonetse zimenezo, ndipo mapepalawo akhale oyera kuposa a wina aliyense, chifukwa wofuna kukufinyani amayambira pa kachilema kakang'ono ka risiti. Muziyenda ndi foni ya geni yokha, yopanda zithunzi ndi mauthenga a kunyumba. Mapulogalamu ofunira zibwenzi achotseni musanafike pa chipata, ambiri agwidwa ndi misampha ya mmenemo. Ndalama musaike pa munthu mmodzi, ndipo wina wa kumudzi azidziwa basi imene mwakwera. Ulendo woyamba ndingakonde mutayamba ndi Tete kapena Joni, Dar es Salaam muidikire kaye mpaka mutazolowera. Lowani bungwe la amalonda odutsa malire, khadi lawo limathandiza pa mikangano ya msonkho. Pa nkhani inayo alipo mabungwe omenyera ufulu wa anthu, a CEDEP, a CHRR ndi a Nyasa Rainbow Alliance, apezeni musananyamuke akuuzeni loya amene angayankhe foni. Nambala yakeyo mulembe pa pepala, chifukwa zikavuta foni ndi imene amayamba kulanda.