Anamugwira chifukwa cha foni, ndisaine lipoti? Yankho kwa achemwali a ku England

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene akugwira ntchito m'nyumba yosungiramo ana ku England. Dzina lawo ndi tauni ndazisiya dala. Akuti atangolembedwa ntchito anawaphunzitsa kagwiridwe ka mwana amene walusa, zimene kumeneko amati restraint. Usiku wina mnyamata wa zaka 13 anakana kupereka foni nthawi yogona itakwana, n'kuyamba kutukwana. Anzawo awiri a pa shifiti anamugwira manja, kumukokera kuchipinda kwake, mmodzi n'kutsamira chitseko kunja mpaka mwanayo atatopa n'kukuwa. M'mawa mwake anawapatsa lipoti kuti asaine, lonena kuti mnyamatayo ankafuna kumenya munthu, pomwe iwo sanaone zimenezo. Funso lawo ndi ili: "Kwathu mwana wamwano timamugwira, ngakhale kumutsekera kumene. Nanga apa chalakwika n'chiyani? Koma mtima wanga sukukhazikika. Ndisaine?"

Achemwali, musasaine. Mtima wanuwo ukukuuzani zoona, ndipo lamulo la dziko limene mulilo lili kumbali yanu.

Malamulo oyendetsera nyumba za ana ku England, amene anakhazikitsidwa mu 2015, amalola kugwira mwana mwamphamvu pa zifukwa zowerengeka: kuteteza kuti munthu asavulale, kuphatikizapo mwanayo mwini wake, kuteteza kuti katundu asaonongeke kwambiri, komanso kuletsa mwana kuthawa, koma izi n'zam'nyumba zapadera zokha zimene boma linaziloleza kutsekera ana. Ndipo ngakhale chifukwa chilipo, mphamvuyo iyenera kukhala yofunikadi ndi yolingana ndi ngoziyo. Kukana kupereka foni mulibe m'menemo. Kutukwana mulibe. Anzanuwo akudziwa bwino zimenezi, n'chifukwa chake m'lipotimo mwalowa nkhonya imene inu simunaione.

Mwina mukuti azungu amangonyengerera ana mpaka kuwaononga. Inenso ndinkaganiza choncho. Koma malamulo amenewa anabwera maliro atachitika, ndipo mukamva chimene ana ena anafera mumagwira pakamwa.

Mu April 2004, Gareth Myatt, mnyamata wa zaka 15, wamng'ono thupi, anali atangokhala masiku ochepa pa Rainsbrook, malo osungirako ana olakwira malamulo pafupi ndi tauni ya Rugby. Anakana kutsuka kachipangizo kootchera buledi. Anamuuza kuti apite kuchipinda kwake, ndipo ogwira ntchito anayamba kumutulutsira katundu, kuphatikizapo kapepala kamene panali nambala ya foni ya mayi ake. Apo m'pamene mwanayo anapsa mtima. Akuluakulu atatu anamukhazika pabedi, kumugwira manja uku ndi uku, n'kumuweramitsa mutu cha kumaondo. Ananena kuti akulephera kupuma. Anamuyankha kuti ngati akutha kulankhula ndiye kuti akupuma. Anasanza, kutsamwa ndi masanzi ake omwe, n'kufera m'manja mwawo. Kagwiridwe kameneko kanali kovomerezeka, kophunzitsidwa m'kalasi ngati mmene anakuphunzitsirani inumo, ndipo kanaletsedwa mwana atapita kale.

Miyezi inayi yokha itadutsa, Adam Rickwood wa zaka 14 anadzimangirira pa Hassockfield, ku County Durham, patangopita maola ochepa atamugwira ndi kumupweteka dala pamphuno chifukwa chokana kupita kuchipinda. Mu 2008 khoti la apilo linathetsa lamulo limene linkalola kugwira ana m'malo oterewa pofuna kungosungitsa mwambo.

Ku America nako ndi chimodzimodzi. Cornelius Fredericks, wa zaka 16, anaponya buledi m'chipinda chodyera pa Lakeside Academy ku Kalamazoo, m'chigawo cha Michigan, pa 29 April 2020. Anamugwetsa pansi, amuna angapo n'kumupsinja kwa mphindi pafupifupi 12. Anamwalira m'chipatala pa 1 May, kutatsala milungu itatu ndi masiku ochepa kuti dziko lonse limve dzina la George Floyd, bambo uja amene anafa wapolisi atamupsinja pakhosi ndi bondo. Kumenekonso sanali woyamba: kale mu 1998 nyuzipepala ya Hartford Courant inawerenga anthu 142, ana ndi akulu omwe, amene anafa m'zaka khumi akugwiridwa kapena atatsekeredwa m'zipatala za odwala maganizo ndi m'nyumba zosungiramo anthu.

Taonani zifukwa zake: kachipangizo kootchera buledi, kukana kulowa m'chipinda, chidutswa cha buledi. Palibe mwana pamenepa amene anali atanyamula mpeni. Onsewa anagwiridwa kuti amvere, kuti adziwe wamkulu ndani. Fupa lokakamiza limaswa mphika, ndipo foni ya mnyamata wanuyo ili m'gulu lomweli.

Pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna muchimvetse bwino, chifukwa tsiku lina mudzakhala inu amene mwagwira dzanja. Kuti munthu apume, chifuwa ndi mimba ziyenera kufufuma. Mukamugoneka chafufumimba n'kumutsamira pamsana, kapena kumupinda atakhala pansi, mpweya umatha kutuluka koma wolowa umachepa. Mawu amamveka ndi kampweya kotuluka, kochepa chabe, kotero mwana akhoza kumakuwa kuti sakupuma uku akuthadi. Choopsa kwambiri n'chakuti thupi likasowa mpweya limaphiriphitha lokha. Ogwirawo amaona ngati mwanayo akulimbana nawo, amaonjezera mphamvu. Kenako amafooka, iwo n'kumati wagonja. Mwana akanena kuti sakupuma, akasanza, akasintha mtundu pamilomo, kapena akangoti zii mwadzidzidzi, musiyeni nthawi yomweyo, ngakhale wamkulu wa shifiti atakuyang'anani ndi diso lofiira.

Sindikunena kuti mwana asamagwiridwe n'komwe. Wina akafuna kudumpha pawindo, kapena wakwera pamnzake n'kumamukanyanga pakhosi, mudzamugwira basi, ndipo mukapanda kutero mudzakhala mwalakwa. Koma mugwire kwa kanthawi kochepa, ngozi ikangotha mutaye.

Tsopano za chitseko chija. Ambiri amaona ngati kutsekera kuli bwinoko chifukwa palibe amene wakhudzidwa thupi. Ku Staffordshire, ku England komweko, pakati pa 1983 ndi 1989, m'nyumba za ana za khonsolo munali kachitidwe kotchedwa Pindown. Mwana wovuta ankamuvula zovala zake kumusiya ndi zogonera, kumuika yekha m'kachipinda kopanda kanthu, osalankhula ndi munthu, osapita kusukulu. Kafukufuku wa Allan Levy ndi Barbara Kahan, amene anatuluka mu 1991, anapeza kuti ana osachepera 132 anadutsa m'menemo, wamng'ono kwambiri wa zaka 9, ndipo wina anakhalamo masiku 84 otsatizana. Ogwira ntchitowo ankalemba zonse m'mabuku mosabisa, poti kwa iwo inali njira yolerera. Lero nyumba wamba ya ana ilibe mphamvu yolanda mwana ufulu woyenda popanda chilolezo cha khoti. Ndipo musanamizidwe kuti poti kiyi sanagwire ntchito ndiye kuti sikutsekera. Munthu wamkulu atatsamira chitseko ndi loko basi. Mwana kupita yekha kuchipinda kuti mtima ukatsike, chitseko chili chotsegula, inu muli pafupi, imeneyo ndi nkhani ina.

Za kwathu zija, tiyeni tinene chilungamo. Inde, ambirife tinakula ndi kamkwapulo, ndipo sindikufuna kuyambitsa mkangano umenewo lero. Koma amene ankakugwirani anali mayi anu kapena agogo, amene madzulo ake omwewo ankakupakulirani nsima. Mukaona kuti zanyanya munkathawira kwa azakhali, mudzi wonse ukumva. Mwana amene muli nayeyo alibe kothawira. Ambiri mwa ana amenewa anachotsedwa kwawo chifukwa chomenyedwa, kugwiriridwa kapena kutsekeredwa m'nyumba ndi anthu omwe anayenera kuwateteza. Manja a mlendo akamugwira kumbuyo, thupi lake limakumbuka zakale zija, ndipo chimene amaphunzirapo n'chakuti akuluakulu onse ndi amodzi. Mawa lake amalusa msanga kuposa dzulo. Timati mwana wa mnzako ngwako yemwe, koma wanu weniweni simungalole kuti anthu awiri osawadziwa amukhwekhwereze chifukwa cha foni.

Nanga foniyo akanatani nayo? Akanamusiya nayo usiku umenewo. Intaneti ya m'nyumba imazimitsidwa, nkhani n'kukambidwa m'mawa mitima itatsika, ndi munthu amene mwanayo amagwirizana naye. Mwinanso akanafunsa kuti akudikira uthenga wa ndani. Kumbukirani kapepala ka Gareth kaja.

Pa lipotilo chitani izi. Lembani zanu zimene munaona ndi maso anu, nthawi yake, amene analipo, mawu amene ananenedwa, ndi kutalika kwa nthawi imene chitseko chinagwiridwa, muikepo deti ndi siginecha yanu. Malamulo omwe aja amafuna kuti nkhani yotere ilembedwe pasanathe maola 24, manijala kapena womuimira alankhule ndi amene anagwira mwanayo pasanathe maola 48, ndiponso amve mbali ya mwanayo pasanathe masiku 5. Kapatseni manijala zolemba zanuzo, makamaka pa imelo ya kuntchito kuti pakhale umboni. Akazikankhira pansi pa mphasa, khonsolo iliyonse ili ndi ofesala wotchedwa LADO amene ntchito yake ndi kulandira madandaulo okhudza akuluakulu ogwira ntchito ndi ana. Palinso social worker wa mwanayo (ofesala wa khonsolo woyang'anira za chisamaliro chake), komanso mlendo woima payekha amene amayendera nyumbayo mwezi ndi mwezi, ndi Ofsted, bungwe la boma loyendera sukulu ndi nyumba za ana, limene lili ndi nambala yapadera ya ogwira ntchito ofuna kuulula zolakwika.

Ndikudziwa chimene chikukuopsani, ngakhale simunachilembe. Ndinu watsopano, ndinu mlendo, ndipo kumudzi akudikira ya fizi ndi ya feteleza. Lamulo la 1998 loteteza oulula zoipa pantchito lilipo, koma sindikunamizani kuti likuchotserani nkhope zokwinya pa shifiti. Ngati simunalowe yuniyoni, lowani sabata ino. Dziwaninso kuti m'nyumba zoterezi ana amayankhula, ndipo tsiku limene mnyamatayo adzafotokozere social worker wake zimene zinachitika usiku uja, adzatulutsa lipotilo n'kuyamba kuitana mmodzimmodzi aliyense amene dzina lake lili pansi pake.