Funsani Tikuyankheni: Kuonera mpira pakati pa eni bwalo

FUNSO

Bambo, ine ndinabadwira ku Bulawayo, makolo anga ndi ochokera ku Dedza, ndipo kuyambira ndili mwana ndimachemerera Highlanders. Ntchito inandisamutsira kuno ku Harare, kumene ndakwatira mkazi wa ku Mbare, ndipo banja lake lonse, kuyambira apongozi mpaka tiana, ndi la Dynamos. Alamu anga andiitana kuti Bosso (dzina lina la Highlanders) ikadzabwera ku bwalo la Rufaro tikaonere limodzi, ndipo akuti tikakhale pamene iwo amakhala masiku onse pakati pa anzawo. Ndikakana aziti ndine wodzikweza, koma kupitanso mtima ukundigunda. Kodi ndivale jezi yanga? Nanga timu yanga ikagoletsa ndichite bwanji?

Mkamwini wa ku Mbare

YANKHO

Achimwene, musanaganize za jezi, funsani alamu anuwo kuti pamene amakhala masiku onsewo ndi pati kwenikweni, chifukwa ochemerera a ku Rufaro sali ofanana mbali zonse. Akakuuzani kuti ndi ku Vietnam, kumene kumakhala ochemerera Dynamos otentha magazi, a ng'oma ndi nyimbo zosalekeza, muwapepese mwaulemu kuti kumeneko simungakwanitse. Inu amene munakulira ku Bulawayo simukufunika kukufotokozerani zambiri: mukudziwa chimene chingamuonekere munthu wa DeMbare (dzina lina la Dynamos) atakakhala ku Soweto, mbali ya ochemerera Highlanders pa bwalo la Barbourfields, ndipo mukudziwa chifukwa chake alendo kumeneko amapita ku Mpilo End. Vietnam ndi Soweto ya kuno. Musangokana n'kukhala chete. Nenani kuti mukufunitsitsa kuonera nawo limodzi, ndipo mudzipereke kuwonjezera ndalama ya matikiti kuti nonse mukakhale mbali yokwererapo mtengo, kumene kumakhala akuluakulu, amayi ndi ana, komanso kumene si zachilendo kuona anthu a matimu awiri atakhala moyandikana. Mukatero ubale mwausunga, ndipo alamu anu simunawasenzetse katundu woti angalephere kumutula.

Katunduyo ndi inuyo. Munthu amene wabweretsa mlendo pakati pa anzake ndiye amayankha mlandu wa mlendoyo. Inu mpira ukatha mubwerera kwanu, koma alamu anu adzakhalanso pamalo omwewo sabata yotsatira, pakati pa anthu omwewo, ndipo ngati munalankhula zonyoza, iwo ndi amene azidzakumbutsidwa chaka chonse kuti anabweretsa munthu wopanda mwambo. Zinthu zikafika poipa, iwo ndi amene adzaime pakati pa inu ndi anzawo. Chilichonse chimene mungachite tsikulo muzichiyeza ndi funso limodzi: kodi alamu anga zimenezi ziwaika pati?

Za jezi yankho ndi lalifupi. Isiyeni kunyumba, pamodzi ndi chipewa, mpango ndi mbendera. Musavalenso malaya ena akuda ndi oyera n'kumati si jezi, pakuti tsiku limenelo mitundu iwiriyi ikakhala pamodzi aliyense amaiwerenga. Komanso musabwereke jezi ya buluu kuti mubisale. Pali ena amalangiza zotero, koma ine sindigwirizana nazo: munthu wovala buluu amene nkhope yake yawala Highlanders itagoletsa amakwiyitsa anthu kuposa mlendo amene aliyense akumudziwa, chifukwa amaoneka ngati anabwera kudzawaseka mobisa. Valani zovala wamba, zimene mungapite nazo kumsika.

Mukafika, lolani alamu anu akudziwitseni kwa amene mwayandikana nawo mpira usanayambe, mitima idakali pansi. Mawu ochepa ndi okwanira, akuti awa ndi mlamu wanga wa ku Bulawayo, ndi wa Bosso koma ndi wathu. Perekani moni m'Chishona, ndipo wogulitsa maputi (chimanga chokazinga) kapena mtedza akadutsa, gulani wokwanira kugawana ndi a kumanja ndi kumanzere kwanu. Adzakusekani, zimenezo yembekezerani, ndipo adzakuuzani zigoli zimene muti mumwe lero. Sekani nawo, muyankhe mofatsa kamodzi kapena kawiri, koma musafune kuti mawu omaliza akhale anu. Anthu amene akudziwani mpira usanayambe ndi omwewo amene amatontholetsa mnzawo wa kumbuyo akayamba kukulozani chala. Wina akakufunsani mwachindunji timu imene mumachemerera, musaname. Nenani motsitsa mawu, n'kuonjeza kuti mwabwera ndi abale.

Muyenera kukumbukiranso kuti masewero a matimu awiriwa amasenza zambiri zoposa mapointi atatu. Highlanders inayamba mu 1926, ndipo oyiyambitsa anali adzukulu a mfumu Lobengula. Dynamos inabadwa mu 1963 mu Mbare momwemo, ndipo ochemerera ake mpaka lero amanyadira kuti inafika mu ndime yomaliza ya CAF Champions League mu 1998, pamene inagonja kwa ASEC Mimosas ya ku Ivory Coast. Matimuwa akakumana, pambali pa mpira pamakhala mpikisano wa mizinda iwiri, ndipo mwa anthu ena pamadzuka nkhani za mitundu ndi mabala akale a dziko lino. N'chifukwa chake nyimbo zina za m'bwalo sizikhala za mpira konse. Ife a Chichewa, amene makolo athu anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'makhonsolo, tikudziwa kuwawa kwa kuitanidwa ndi mayina onyoza, choncho nyimbo yotukwana mtundu wa anthu musaiyankhe, musaivomereze, ndiponso musayese kuidzudzula muli pakati pa khamu. Ngati yakupwetekani, mukakambirane ndi alamu anu kunyumba.

Tsopano tifike pa chigoli, pamene pagona nkhani yonse. Akuluakulu anati kwa eni kulibe mkuwe. Vuto ndi lakuti thupi limadzuka lokha munthu asanaganize: mpira ukangogwedeza ukonde, miyendo yaimirira kale, manja ali m'mwamba, pamene anthu mazanamazana okuzungulirani agwa nkhope ndipo malo onse angoti zii. Konzekerani zimenezi pasadakhale. Timu yanu ikayandikira golo, khalani pansi ndithu, zigongono pa mawondo, manja mutawaphatikiza, ndipo chigoli chikalowa finyani zala zanuzo, muyang'ane pansi kwa kanthawi mpaka nkhope ibwerere m'malo. Musagunde alamu anu ndi chigongono, musatembenuke kuyang'ana amene amakusekani poyamba paja, ndipo musatulutse foni kuti muimbire anzanu a ku Bulawayo. Sindikunena kuti muchite manyazi ndi timu yanu. Chimwemwe chanu chili pomwepo, palibe angakulandeni, ndipo chidzakudikirani mpaka madzulo. Koma okhala nanu pa mphindi imeneyo ali ndi ululu, ndipo munthu wa ululu amafuna pothira mkwiyo wake.

Dynamos ikagoletsa, anthu adzadumpha, adzakukumbatirani osakufunsani, ena adzakuvinirani pamaso. Imirirani nawo kuti asakupondeni, ndipo ngati chigolicho chinali chokongola nenani kuti chinali chokongola. Simunagulitse timu yanu potero. Kuwomba m'manja pang'ono n'kokwanira, kuvina nawo sikofunika.

Chimene ambiri sachiganizira n'chakuti zigamulo za oyimbira n'zoopsa kuposa zigoli. Masewero a Highlanders ndi Dynamos a mu 2017 ku Barbourfields anathera panjira chifukwa cha mkangano wa ofusayidi pa chigoli chimene Christian Epoupa anagoletsera Dynamos, ndipo mu September 2023 pa bwalo lomwelo mpira unaimitsidwanso chigawo choyamba chisanathe, Dynamos ikutsogola 2-0, anthu atalowa m'bwalo posakondwa ndi oyimbira. Sindikutchula izi pofuna kunena kuti ochemerera a mbali imodzi ndiwo oipa, ayi, pakuti chipwirikiti chaonekapo m'mabwalo a mizinda yonse iwiri. Ndikungofuna muone pamene moto umayambira. Oyimbira akapereka penate kwa Bosso, kapena akakana chigoli cha DeMbare, ngakhale inu mutaona bwinobwino kuti agamula molondola, imeneyo si nthawi yophunzitsa anthu malamulo a mpira. Wina akakufunsani maganizo anu, mungathe kunena kuti pamene mwakhalapo m'patali, basi. Zokambirana zenizeni zidzachitika mawa, anthu ataonanso zithunzi.

Mowa ndingounena mwachidule: tsikulo musamwe musanalowe, chifukwa zonse ndalembazi zimafuna munthu wodzigwira. Musajambulenso nkhope za anthu okwiya ndi foni yanu.

Zinthu zikasokonekera, tsatirani alamu anu, pakuti iwo akulidziwa bwalolo ndi tinjira ta ku Mbare. Mukaona mabotolo ayamba kuuluka, imeneyo ndiyo nthawi yonyamuka mwakachetechete, osadikira kuti apolisi aponye utsi wokhetsa misozi. Anthu a mu Harare sanaiwale za pa 9 July 2000 ku National Sports Stadium, pamene Zimbabwe inkasewera ndi South Africa m'masewero olimbirana malo ku World Cup. Delron Buckley atagoletsa chigoli chachiwiri cha alendo, anthu anayamba kugenda mabotolo, apolisi anaponya utsi m'makhamu, ndipo anthu 13 anafa popondana pothamangira kuzipata. Kwathu ku Malawi nako anthu asanu ndi atatu, ambiri mwa iwo ana, anafa popanikizana pa chipata cha Bingu National Stadium pa 6 July 2017. Ngozi yaikulu imakhala pachipata. Ngati mwachedwa kutuluka ndipo khamu layamba kale kuthamanga, n'kwabwino kupatukira pambali, pamalo otakasuka, kusiyana ndi kulowa pakati pa anthu othinana.

Mpira ukatha bwinobwino, ulemu sunathe. Bosso ikapambana, musafulumire kumwetulira pachipata kapena mu kombi, chifukwa misewu yozungulira Rufaro mpaka ku Mbare Musika imakhala yodzaza ndi anthu omwe aja. Mukafika kwa apongozi musayambitse nkhaniyo ndinu. Akaiyamba okha, yamikirani wosewera mmodzi wa Dynamos amene anachita bwino, kenako munene zanu pang'ono. Ikagonja, pirirani kusekedwa mpaka nsima ithe. Ndipo pakutha pa zonse, muwaitane alamu anu kuti DeMbare ikadzapita ku Bulawayo adzakhale mlendo wanu, inunso mudzawasankhire malo mosamala monga mukufunira kuti iwo akusankhireni.

FUNSO

Bambo, ine ndimakhala ku Mabvuku, ndipo mwana wanga wa zaka khumi amakonda Flames ngakhale sanapondepo ku Malawi. Ikadzabwera kudzasewera ndi Warriors, timu ya dziko la Zimbabwe, kuno ndikufuna kupita naye. Kodi n'kulakwa kunyamula mbendera ya Malawi pakati pa anthu a Zimbabwe, pamene ifenso tinabadwira konkuno?

Mayi wa ku Mabvuku

YANKHO

Mayi, si kulakwa. Masewero a mayiko awiriwa alibe udani wonga wa Dynamos ndi Highlanders, ndipo mpira wathu ndi wolukanalukana. Joseph Kamwendo anasewerapo ku CAPS United ya ku Harare, Benjani Mwaruwari amene anakhalapo kaputeni wa Warriors ndi mwana wa makolo a ku Malawi, ndipo Kalisto Pasuwa, amene anatenga ligi kanayi motsatizana ndi Dynamos kuyambira 2011 mpaka 2014, anapita kukaphunzitsa Nyasa Big Bullets ku Blantyre. Anthu ambiri m'bwalo adzangomuseka mwana wanuyo mwachikondi n'kumutchula kuti achimwene. Mwina adzamukumbutsa za 3-0 imene Warriors inachinya Flames mu Harare mu 2016, ndipo iye ali ndi choyankha, pakuti mu January 2022 ku Bafoussam m'dziko la Cameroon, Gabadinho Mhango anagoletsa zigoli ziwiri Malawi n'kupambana 2-1 pa Africa Cup of Nations. Mumuphunzitse kunena zimenezi akuseka, osati mokalipa.

Komabe chenjerani pa zinthu zingapo. Pa masewero otere a Malawi amakonda kusonkhana mbali imodzi, choncho fikani molawirira, mufunse pachipata kumene akhala, mukakhale nawo. Kumeneko mwana angathe kukupiza mbendera ndi kukuwa mmene angafunire. Mukapezeka kuti mwakhala pakati pa a Warriors, mbendera ikhale yaing'ono, yosatchinga a kumbuyo, ndipo isakhale ya pa ndodo. Nyimbo zafuko zikamaimbidwa imirirani pa zonse ziwiri, ndipo popeza mwanayo ya Zimbabwe amaiimba kusukulu, aiimbe ndithu. Anthu oyandikana nanu akamumva akuimba, mbendera yake sidzawavutanso. Sankhani mpando wa kumapeto kwa mzere, mumulembere nambala yanu ya foni pa kapepala m'thumba mwake, ndipo potuluka mudikire khamu liyambe lachepa.

Dziwaninso kuti kuchokera pamene CAF inayamba kuletsa mabwalo a dziko lino mu 2020 ponena kuti sakufika pa muyezo, Warriors yaseweretsa masewero ake angapo apakhomo m'mayiko ena monga Rwanda ndi South Africa. Choncho mukadzamva kuti Flames ikukumana ndi Zimbabwe, muyambe mwatsimikiza bwalo limene akasewerere musanamulonjeze mwana.