Njinga ikavuta kulira m'mawa, yambani ndi matapeti

Funso: Ndimachita kabaza ku Dedza pa Lifan ya 150. Masiku ano m'mawa ndimaponda kiki mpaka kutuluka thukuta, ndipo ikalira imazima ndikangosiya moto. Pulagi ndasintha kawiri, kabyuleta ananditsukira. Chavuta n'chiyani?

Yankho: Ndi matapeti, achimwene. Musagulenso pulagi yachitatu. Kiki ikamapepuka kuposa kale, ndiye kuti mpweya ukuthawa, ndipo pa njinga za kabaza kawirikawiri umathawira pa mavalavu. Pakati pa nsonga ya valavu ndi kasikuluwu ka pa rocker (kamkono kamene kamakankha valavuyo) pamafunika kampata kakang'ono, ndipo kukonza kampata kameneka ndiko kuseta matapeti. Njinga ikamayenda, valavu imadya pomwe imakhala n'kulowerera mu hedi, kampata kaja n'kutha. Zikatero valavu sitsekeka bwino. Yoopsa kwambiri ndi ya ekizosi, yotulutsa utsi, chifukwa imazizira makamaka ikakhala pampando wake. Ikapanda kukhala imapsa, ndipo pamenepo mwagula valavu, gasiketi ndi tsiku lathunthu osanyamula munthu.

Injini ikhale yozizira, yogona usiku wonse. Amene amafika pagalaja injini ikuwotcha n'kunena kuti "setani msanga, kasitomala akudikira" ndimawabweza, chifukwa chitsulo chotentha chimafutukuka ndipo muyeso wake ndi wabodza.

Tsono apa ndi pomwe ambiri amawonongera. Chotsani pulagi, chivindikiro cha pamwamba pa hedi ndi tizitseko tiwiri ta kumanzere. Zungulitsani nati ya pa magineto mosemphana ndi mivi ya wotchi, mukusuzumira pakabowo kakang'ono. Muona F ndi T. F ndi ya moto wa pulagi, isiyeni. Mukufuna T, yosonyeza kuti pisitoni yafika pamwamba, mzere wake ulunjike pa kachizindikiro ka pabowopo. Koma T ameneyu amabwera kawiri, poti magineto amazungulira kawiri kuti mavalavu amalize ulendo umodzi. Ulendo wina pisitoni imafika pamwamba mavalavu onse atatsekeka, ndipo ndi pamenepo poyezera. Ulendo winawo ekizosi ikutseka kumene, ya mafuta ikuyamba kutseguka. Mukasetera apo, mpata umakhala waukulu kwambiri, ndipo njinga imalira ngati chigayo.

Anthu amati gwedezani ma rocker, akagwedera onse awiri ndiye T wolondola. N'zoona, koma pa njinga ngati yanuyi, yoti mpata unatha kale, sagwedera pa T aliyense. Ine ndimayang'ana valavu ya mafuta ija, ya mbali ya kabyuleta. Zungulitsani pang'onopang'ono, muione ikutsika, muione ikukwera n'kutsekeka. T woyamba kubwera pambuyo pake ndi wanu. Ngati mukukayikabe, tsekani bowo la pulagi ndi chala, mumva mpweya ukukankha pisitoni ikamakwera. Mukamupitirira T musabwerere m'mbuyo, zungulirani kawiri mumupezenso. Pa injini za tcheni cha timing kubwerera kumasiya tcheni chili lende, ndipo injini zina zili ndi kachipangizo kopeputsa kiki kamene kamakankha valavu ya ekizosi n'kukunamizani.

Zotsalazo n'zosavuta. Masulani nati ya pa kasikuluwu ka pa rocker, lowetsani feeler gauge (geji ya tizitsulo topyapyala toyezera mpata) pampata paja, zungulitsani sikuluwu mpaka geji izikoka pang'ono potuluka, gwirani sikuluwu isasunthe, mangani nati. Kenako yezaninso, chifukwa nati ikamangika mpata umasintha. Honda CG125, yomwe injini zambiri za ku China zinatengera kapangidwe kake, imafuna 0.08 mm pa mavalavu onse awiri. Yanuyo onani m'buku lake kapena pa sitika, ndipo muwerenge mamilimita, chifukwa mageji ambiri amalembanso mainchesi: 0.08 mm ndi 0.003 ya inchi.

Funso: Amakanika anandisetera matapeti pa Boxer, koma tsopano ikumveka "tiki tiki". Kale inali zii. Andiwonongera?

Yankho: Mwina ayi, bambo. Kaphokoso kakang'ono kofanana, kochepa injini ikatentha, ndi umboni woti mpata ulipo. Ine ndimaopa injini ya zii kuposa yolira matapeti. Koma ngati phokosolo likumveka muli patali, anasetera pa T wolakwika kapena nati yamasuka. Bwererani lero lomwe. Nati ikagwera mkati mwa injini, nkhani yake ndi ina. Ngati muyeso uli bwino koma phokoso lilipobe, aone tcheni cha timing ndiponso ngati oyilo akufika pamwamba.

Funso: Kwathu kuno amakanika alibe feeler gauge, amagwiritsa ntchito lezala kapena kungomvera ndi khutu. N'zololeka?

Yankho: Lezala amakhala pafupifupi 0.10 mm, ndipo pa injini zing'onozing'ono zofuna 0.05 mm ndiye kuti mwapitirira kawiri. Za khutuzo ndiye ayi, chifukwa wosetera khutu amamanga mpaka phokoso lithe, ndipo phokoso likatha mpata watha. Geji mtengo wake sufika pa valavu imodzi ndi gasiketi. Gulani yanuyanu, muzipita nayo pagalaja.

Funso: Ndinasetetsa mwezi watha, pano yayambanso kuvuta kulira.

Yankho: Tsegulani bokosi la air filter. Ndikukhulupirira kuti mupeza siponji yong'ambika, kapena mulibiretu, wina anaichotsa ati njinga ipume. Fumbi la m'misewu yathu nyengo ya chilimwe likalowa limapala valavu ya mafuta mpaka m'mphepete mwake kukhala mwakuthwa, ndipo mpata umatha sabata zochepa. Chachiwiri ndi mavalavu otchipa a m'mapaketi opanda dzina, chitsulo chake n'chofewa ndipo chimatha msanga. Valavu ikafika pamenepo kusetanso sikuthandiza. Hedi itsike, muike mavalavu enieni, awapere bwino pampando, ndipo filita yatsopano ilowe tsiku lomwelo.