Phala mbale imodzi, ola lathunthu

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 4 khosi ndi manja zinalobodoka atadwala malungo aakulu. Phala mbale imodzi timatha nalo ola lathunthu, akutsamwa, akulavula. Ndimapsa mtima mpaka kumukalipira, kenako ndimalira ndekha. Kodi chikondi chandithera?
Mayi wa ku Domwe, Angónia

YANKHO: Ayi mayi, mwangotopa. Ndipo ola ndi lalitali kwa nonse awiri. Mwana wotere akadya kupitirira mphindi 30 nsagwada zimalema, kutsamwa n'kuwonjezeka. Chakudya chomwecho chigaweni kasanu kapena kasanu ndi kamodzi patsiku.

Musamudyetse chogona chagada, chifukwa phala limalowera kunjira ya mpweya n'kuyambitsa chibayo. Mukhazikeni tsonga, chiuno chochirikizidwa ndi chitenje chopinda, chibwano chitaweramira pang'ono pachifuwa. Supuni ikhale yaing'ono, ibwere kutsogolo molunjika pakamwa, ndipo dikirani muone kholingo likuyenda musanapereke ina. Phala lamadzimadzi ndilo limatsamwitsa kwambiri. Likhale lolimbirako, lothira nsinjiro ndi supuni imodzi ya mafuta. Akatha, akhalebe tsonga mphindi 30.

Mukamva mtima ukuwira, ikani supuni pansi, mumusiye pamalo abwino, mutuluke kaye panja. Musamugwedeze. Bambo ake kapena agogo aphunzire kadyetsedwe kameneka, chakudya chamadzulo chikhale chawo.

Kusintha kwa mwana wotere sikuoneka tsiku ndi tsiku, choncho mwezi uliwonse lembani m'kope chimene wayamba kutha, ngakhale kutseka milomo pa supuni. Akamatsokomola pomeza, mawu akamalira ngati muli madzi, kapena sikelo ikamatsika, pitani naye kuchipatala cha Ulongwe mukafunse a fisioterapia, omwe amathandiza kulimbitsa ziwalo zofooka za thupi.