Chimene chimathamangitsa aphunzitsi owunika ana a ulumali kumudzi

Sabata yatha ndinalandira kalata pa imelo kuchokera kwa mphunzitsi wamkulu wa sukulu ina ya kumudzi. Akuti mphunzitsi wa maphunziro apadera amene ankawunika ana a ulumali m'zoni yawo wasamukira m'tauni, ndipo ameneyu ndi wachitatu kuchoka, choncho akufunsa kuti achite chiyani kuti apeze wina woti akhazikike. Aphunzitsi aakulu, ndachedwa kukuyankhani chifukwa kalata yanu yandigunda pachilonda, pakuti inenso ndine mmodzi mwa aphunzitsi amene anachoka.

Nditamaliza maphunziro ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, kumene aphunzitsi amaphunzitsidwa zothandiza ana osaona, osamva ndi ovutika kuphunzira, ananditumiza kuzoni ina yakutali ngati mphunzitsi woyendayenda. Ndinali ndi sukulu 11 ndi njinga imodzi yakapalasa, yogula ndekha, ndipo mvula ikagwa mtsinje n'kudzaza, ana a sukulu zakutsidya ankandiona dzinja litatha. Zimenezi sizinandifooketse, chifukwa ndinali mnyamata ndipo ntchito ndinkaikonda.

Chinandifooketsa ndi nkhani ya mtsikana wina wa Sitandade 3 amene ankabwereza kalasi kachitatu. Aphunzitsi ake ankati ndi wamwano, chifukwa akamuitana sankayankha, ndipo amayi ake anali atayamba kale kuganiza zomusiyitsa sukulu kuti azilera mng'ono wake. Ine ndinangoima kumbuyo kwake n'kumuitana monong'ona, kenako mokweza, ndipo nditasuzumira m'khutu ndinapeza mafinya amene ayenera kuti anali atakhalamo nthawi yaitali. Mwanayo sanali wamwano, koma sankamva bwino. Ndinalemba kalata yomutumiza kuchipatala komanso lipoti lopita ku ofesi yathu, koma zipangizo zoyezera makutu bwinobwino zinali kutali m'mizinda ikuluikulu, ndipo banjalo linalibe ndalama ya basi. Lipoti langa silinayankhidwe, ndipo teremu yotsatira ndinalembanso lina, nalonso linamira. Kuwunika mwana, n'kuuza kholo lake chimene chikumuvuta, kenako osamuchitira kanthu, kuli ngati kuonetsa wanjala nsima n'kuivundikiranso. Amayi aja ankati tikakumana pamsika amandigwadira n'kufunsa kuti, “Aphunzitsi, zija zili pati?” mpaka ine ndinayamba kuzemba njira ya kumsika.

Chaka chachiwiri mphunzitsi wa Sitandade 2 pasukulu imene ndinkakhala anasamutsidwa, ndipo anandipempha kuti ndigwirizire kalasi yake kwa milungu iwiri yokha. Milungu iwiriyo inasanduka chaka chathunthu. Ndinali ndi ana oposa 100 pansi pa mtengo, ndipo sukulu 10 zotsala zija ndinkangozimva m'mbiri.

Anthu ambiri akamakamba nkhani imeneyi amathamangira kunena za ndalama, ndipo sindikutsutsa kuti malipiro ndi ochepa, kuti alawansi ya aphunzitsi a kumudzi siifika patali, kapena kuti nyumba yodontha imathawitsa munthu. Komabe ndikamakumbukira anzanga amene tinaphunzira limodzi, amene anachoka sanachoke chifukwa cha denga lokha ayi. Anachoka chifukwa anaphunzira ntchito ina koma ankagwiritsidwa ntchito ina. Aphunzitsi aakulu, mundikhululukire, koma pano ndilankhula mosapsatira: ambiri mwa inu mukalandira mphunzitsi wa maphunziro apadera mumaona munthu wodzaza mpata pa ndandanda ya makalasi, osati katswiri. Sindikuti mumachita dala. Kuchokera mu 1994, pamene maphunziro a pulayimale anakhala aulere ndipo ana anakhamukira m'sukulu, makalasi a m'munsi akhala odzaza mpaka lero, ndipo mphunzitsi wamkulu aliyense amakakamizika kusankha pakati pa ana 100 opanda mphunzitsi ndi ana ochepa ofunika kuwunikidwa. Koma dziwani kuti tsiku limene mwamupatsa choko ndi kalasi yakeyake, mwayamba kumulongedzera katundu.

Palinso kusungulumwa, kumene sikulembedwa m'malipoti. Sukulu za ana osamva monga za ku Mua, Embangweni ndi Maryview, kapena za ana osaona monga za ku Chilanga ndi Lulwe, zili ndi mwayi umodzi, wakuti akatswiri amakhala pamodzi, ndipo wina akakumana ndi mwana womuzunguza mutu amafunsa mnzake pa nthawi yopuma. Dziko lathu linakhazikitsa lamulo loteteza anthu a ulumali mu 2012, ndipo mu 2017 linatulutsa ndondomeko yakuti ana onse aziphunzira limodzi m'sukulu za kwawo, zomwe ine ndimagwirizana nazo ndi mtima wonse. Koma mfundo yabwinoyi inasiya katswiri ali yekhayekha m'zoni yonse, wopanda womufunsa, ndipo mutu umodzi susenza denga. Ine ndinakhalako zaka zitatu osayenderedwa ndi munthu wodziwa ntchito yanga, ndipo bungwe lina la m'tauni litandiitana, sindinaganize kawiri.

Nanga muchite chiyani?

Lekani kudikira munthu wochokera kutali amene mtima wake uli kale m'tauni. Yang'anani pakati pa aphunzitsi anu omwe, makamaka amene anakwatira kapena kukwatiwa komweko, ali ndi munda ndi dimba, ndipo amaleza mtima ndi ana ochedwa kumva, kenako musankhepo mmodzi, mumulimbikitse ndi kumulembera kalata yomuchitira umboni kuti akalembetse ku Montfort mwayi ukatuluka. Akabwera, mugwirizane ndi a PEA, alangizi a maphunziro a pulayimale a m'zoni yanu, kuti asapatsidwe kalasi yakeyake, a komiti ya sukulu ndi mafumu amukonzere nyumba ndi njinga, ndipo alangizi a zaumoyo a m'dera lanu azidziwa mwana aliyense wotumizidwa kuchipatala, kuti kalata isamathere m'thumba la kholo.

Musanachite zonsezi, muimbireni foni mphunzitsi wachitatu uja, ndipo mumufunse kuti m'chaka chake chomaliza anawunika ana angati, nanga ndi angati mwa iwo amene anathandizidwa. Ine palibe amene anandifunsapo funso limeneli. Mtsikana uja ndinamusiya akadali mu Sitandade 3, atakhala kutsogolo kwenikweni, khutu labwinoko litaloza kwa mphunzitsi, chifukwa ndi chokhacho chimene ndinakwanitsa kumuchitira.